Kutseka pakamwa anthu sikunagonjetse zigawenga ku Cabo Delgado, boma lathu liphunzirepo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere, ndipo ndikupepeseretu kuti kalatayi italikako pang'ono chifukwa nkhaniyi inandigwera pakhomo. Masiku ano ukakhala pa gulu kaya mu minibasi kaya pa ma gulupu a WhatsApp umamva anthu ena, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akunena kuti boma likuyenera kukhala ndi mphamvu yotseka intaneti kapena Facebook nthawi iliyonse likaona kuti chitetezo chavuta, ati poti zigawenga zimagwiritsa ntchito zinthu zomwezi pokopa achinyamata. Ine ndikuti ayi, ndipo chomwe ndikukanira ndi zomwe ndinaziona kwa aneba athu ku Mozambique, komwe mng'ono wanga anatsala pang'ono kusiya moyo.

Mng'ono wangayu ndi wowotcherera zitsulo. Anapita ku Palma, kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha Cabo Delgado kufupi ndi malire a Tanzania, kukagwira ntchito kwa kontilakita wina wamng'ono pa nthawi yomwe ntchito ya gasi ya Total ija inali pachimake. Amatumiza kangachepe kwa mayi mwezi ndi mwezi, malata a nyumba ya mayi anagula ndi iyeyo. Lachitatu pa 24 Malichi 2021 chakumasana ananditumizira voice note yaifupi, mawu ake akunjenjemera, akuti achimwene kuno kwayamba kulira mfuti, ndikuimbirani. Basi. Ndinayesa kumuimbira foni osalowa, uthenga wanga pa WhatsApp unangokhala ndi kachizindikiro kamodzi kaja kosonyeza kuti sunafike, ndipo kanakhala choncho masiku asanu ndi atatu.

A Mkonzi, munthu amene sanadikirepo kachizindikiro kachiwiri kaja sangamvetse. Usiku ndimadzuka mwina kanayi kuyang'ana foni, kuizimitsa nkuiyatsanso ngati vuto ndi foni yanga. Mayi kumudzi alibe foni ya intaneti nde m'mawa uliwonse amayenda kupita kwa mlamu wanga kukandiimbira, funso lake lomwelomwelo, wamva chani za mwana wanga. Tsiku lachinayi anasiya kufunsa, amangoimba nkukhala chete pa foni, ine kumangomva kupuma kwawo ndi nkhuku zikulira kuseri. Azibale ena anayamba kale kunong'onezana zoti kodi maliro opanda mtembo timawayendetsa bwanji.

Netiweki ku Palma inazima tsiku lomwelo la chiwembu, ndipo sindikunena kuti linazimitsa ndi boma, zigawengazo nazo zimakonda kugwetsa nsanja za mafoni zikamalowa m'tauni. Koma apa mpomwe pali mfundo yanga. Ngati chinthu choyamba chomwe chigawenga chimafuna chikamaukira mudzi ndi choti anthu asathe kuimbirana, nde boma likamadzatseka lokha netiweki likuthandiza ndani? Mdima umenewu ndi umene wachiwembu amaufuna. M'masiku asanu ndi atatu amenewo kanthu kochepa komwe tinkadziwa sikanachokere ku boma la Mozambique ayi, kanachokera kwa anthu wamba omwe anathawa nkupeza netiweki kwina, kuika zithunzi ndi maina pa Facebook, ndi atolankhani ochepa omwe ankatola nkhanizo. Ndi mmene tinamvera zoti anthu ambiri atsekeredwa mu hotela ya Amarula, zoti galimoto zomwe zinayesa kutuluka pa 26 Malichi zinawomberedwa panjira, zoti ena akuthawira ku Afungi, komwe kunali ntchito ya gasi ija, ndipo ena akukwera maboti kulowera ku Pemba. Ine ndimakhala pa zithunzi za anthu otsika pa doko la Pemba kuzikulitsa ndi zala kufufuza nkhope ya mng'ono wanga.

Anaimba pa 1 Epulo, Lachinayi loyera, pa foni yobwereka kwa mayi wina wogulitsa mandasi ku Pemba. Anagona m'tchire masiku angapo, kumwa madzi a m'zithaphwi, mapazi atatupa osalowanso nsapato. Nambala yanga anaisunga pamtima, foni yake inatsala ku Palma. Mayi uja sanamulipiritse mayunitsi.

Tsono tiyeni tione mmene boma la Mozambique lakhala likuchitira ndi nkhani ya kulankhula chiyambireni nkhondoyi pa 5 Okutobala 2017 pomwe anyamata a zida anaukira ma polisi ku Mocímboa da Praia. Kwa zaka ziwiri ndi kupitirira akuluakulu ankangoti ndi mbava wamba, zinthu zili m'manja mwathu, osadandaula. Atolankhani ankaletsedwa kufika m'maboma omwe munali nkhondo. Pa 5 Januwale 2019 mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Macomia, Amade Abubacar, anamangidwa akujambula ndi kucheza ndi mabanja omwe ankathawa m'midzi yawo. Mlandu wake unali umenewo, kufunsa anthu othawa kuti mukuthawa chani. Anakamusunga kwa asilikali ku Mueda masiku angapo opanda loya opanda m'bale, ndipo anatuluka mu Epulo atakhala m'chitokosi miyezi yoposa itatu. Mnzake wa pa wailesi yomweyo Germano Adriano anamangidwanso. Pa 7 Epulo 2020 Ibraimo Mbaruco, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ku Palma komweko, anatumiza uthenga kwa mnzake kuti wazunguliridwa ndi asilikali, ndipo chichokereni tsiku limenelo sanaonekenso. Ndimaganiza za mayi ake a mnyamata ameneyu, ife tinadikira masiku asanu ndi atatu tinatsala pang'ono kupenga, iwo zaka zikungopita.

Tsiku lomwelo la 7 Epulo 2020 ku mudzi wa Xitaxi m'boma la Muidumbe zigawenga zinapha anthu 52, ambiri achinyamata, ndipo apolisi anadzalengeza patatha pafupifupi masabata awiri. Masabata awiri abale! Midzi yoyandikana nayo ikanafuna kudziwa tsiku lomwelo kuti isamuke kapena ibise ana. Mu Ogasiti chaka chomwecho ofesi ya nyuzipepala ya Canal de Moçambique ku Maputo inatenthedwa ndi anthu osadziwika. Bishopu wa Katolika wa ku Pemba pa nthawiyo, Luiz Fernando Lisboa, yemwe ankalankhula mosaopa za mavuto a anthu othawa nkhondo, ananyozedwa kwambiri ndi anthu a mbali ya boma mpaka kumunena kuti ali kumbali ya adani, ndipo mu Febuluwale 2021 anasamutsidwira kwawo ku Brazil. Mwezi womwewo mtolankhani wa ku Britain Tom Bowker wa Zitamar News, omwe ankalemba mwatsatanetsatane za nkhondoyi, anathamangitsidwa m'dzikomo nkuletsedwa kubwerera kwa zaka khumi. Patangotha mwezi umodzi Palma inagwa.

Nde ndifunse, kutseka pakamwa konseku kunapulumutsa ndani? Zigawenga zinalanda doko la Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020 nkukhalamo chaka chathunthu, mpaka asilikali a ku Rwanda atabwera mu 2021 ndi pomwe tauniyo inabwerera m'manja mwa boma. Total inaimitsa ntchito yake ya ndalama pafupifupi madola 20 biliyoni mu Epulo 2021. Anthu oposa 1 miliyoni anathawa m'makomo mwawo pa zaka zonsezi. Chomwe kubisa kunachita nchoti anthu ngati mng'ono wanga anapita ku Palma akukhulupirira kuti kuli bata poti akuluakulu atero, ndipo maiko oyandikana nawo anachedwa kuzindikira kukula kwa moto. Za Palma yomweyo boma linangoti afa anthu makumi angapo, koma kafukufuku yemwe mtolankhani wina woima payekha anadzachita khomo ndi khomo anapeza kuti ophedwa ndi osowa anaposa 1,000. Mabanja amenewo ngakhale kuwerengedwa kokha sanawerengedwe.

Pali chinanso chomwe anthu okonda zotseka intaneti safuna kuchikamba. Pankhondo olakwa sakhala mbali imodzi. Mu Seputembala 2020 panatuluka kanema pa intaneti woonetsa amuna ovala yunifolomu ya asilikali akumenya mayi wina ali mbulanda pamsewu kenako kumuwombera kambirimbiri. Boma linati ndi zigawenga zovala yunifolomu, a Amnesty International atamuunika kanemayo anati zizindikiro zikuloza kwa asilikali a boma. Ine kanemayo ndinamuonera theka, sindinathe kumaliza, ndipo sindingafune mwana wanga amuone. Koma pakanapanda foni ndi intaneti imfa ya mayi ameneyu ikanangothera pa msewu pomwepo ngati galu wagundidwa ndi galimoto. Msilikali akadziwa kuti palibe amene angajambule kapena kulemba, dzanja lake limapepuka pa anthu wamba, ndipo mnyamata amene mayi ake achitidwa zoterezi ndi amene mawa amakalowa m'tchire kukajoina omwe kumeneko amawatchula kuti mashababu. Kutsekereza nkhani kumabereka zigawenga zatsopano.

Sindikunena kuti nkhawa ya anzathu aja ndi yopanda pake ayi. Zoona gulu la Islamic State limagwiritsa ntchito intaneti, chiwembu cha ku Palma analengeza okha kudzera pa nthambi yawo yofalitsa nkhani ya Amaq, ndipo amafalitsa zithunzi zoopsa kuti anthu agwidwe mantha komanso kuti achinyamata osowa chochita aziwaona ngati madolo. Kanema wodula munthu mutu achotsedwe, akaunti yolemba anthu ntchito ya uchigawenga itsekedwe, munthu amene akutumiza ndalama kwa zigawenga afufuzidwe ndi chilolezo cha khoti nkuimbidwa mlandu poyera. Izi ine ndilibe nazo vuto. Koma akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, umayamba wamuchotsa kaye pa mkhatepo. Kutseka intaneti ya chigawo chonse kapena kuopseza aliyense wolemba za nkhondo ndi kuphwanya mkhate, khoswe nkuthawa ali bwinobwino. Zigawenga zili ndi njira zambiri zolumikizirana, zimatumana pa njinga zamoto, zimadziwana m'tchire. Amene amatsala mu mdima ndi mayi wa ana atatu amene akufuna kudziwa ngati msewu wa ku Mueda uli bwino.

Ku Nigeria anayesa kale zimenezi. Mu Meyi 2013 boma la Goodluck Jonathan litalengeza za ngozi m'zigawo za Borno, Yobe ndi Adamawa, netiweki ya mafoni inazimitsidwa kuti a Boko Haram asamalumikizane. Mu Julaye chaka chomwecho zigawengazo zinaukira sukulu ya ku Mamudo ku Yobe nkupha anthu oposa 40, ambiri ana a sukulu, ndipo anthu a m'deralo anadandaula kuti analibe njira yoimbira asilikali kuwachenjeza. Boko Haram sinathe, chaka chotsatira inakaba atsikana aja ku Chibok.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi mmene liwu loti uchigawenga limatanukira ngati legeni likangolowa m'malamulo. Mu 2022 nyumba ya malamulo ya ku Mozambique inavomereza lamulo latsopano lothana ndi uchigawenga, ndipo muli ndime yoti munthu wofalitsa nkhani zabodza kapena zokokomeza kwambiri zokhudza uchigawenga ndi cholinga chobweretsa mantha atha kukakhala kundende zaka ziwiri mpaka zisanu ndi zitatu. A MISA a kumeneko, bungwe lomenyera ufulu wa atolankhani, anachenjeza za ndimeyi. Pa pepala zimamveka bwino, ndani angakonde bodza. Koma amene akugamula kuti ili ndi bodza ndi ndani, si boma lomwe lija linkati kulibe nkhondo kuli mbava chabe? Munthu amene akanalemba pa Facebook mu sabata ya Palma ija kuti afa anthu mazanamazana akanaoneka wokokomeza, chonsecho amanena zoona.

Ndiye taonani zomwe zinachitika chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha. A Elvino Dias, loya wa Venâncio Mondlane yemwe anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti wa Mozambique ku mbali yotsutsa boma, ndi a Paulo Guambe a chipani cha Podemos anawomberedwa mu galimoto ku Maputo pa 19 Okutobala, anthu anakwiya nkupita pa msewu, ndipo kuyambira pa 25 Okutobala intaneti ya pa foni inayamba kudulidwa, kenako Facebook ndi WhatsApp kumatsekedwa. Mkulu wa apolisi pa nthawiyo Bernardino Rafael anafika potchula zionetserozo kuti uchigawenga wa m'tauni. Mondlane mwiniwake mu 2025 anadzatsegulidwa milandu ndipo umodzi mwa iyo ndi wolimbikitsa uchigawenga. Kaya munthu amamukonda Mondlane kaya samukonda, zionetsero zija zinalinso ndi zoipa zake, mashopu anathyoledwa, ma thiraki athu a mafuta anavutika pa njira ya ku Beira, koma mkangano wa mavoti si nkhondo ya ku Cabo Delgado. Liwu lomwe linapangidwira anthu odula anzawo mitu linadzagwa pa wachinyamata wonyamula chikwangwani. Anthu oposa 300 anafa m'miyezi imeneyo malinga ndi mabungwe omwe ankawerenga, ndipo ifeyo tinalandira anthu masauzande othawira ku Nsanje kumapeto kwa chaka chimenecho. Ife a m'malire amene timagula ndi kugulitsa ndi anzathu a ku Zóbuè ndi ku Tete tinaona mmene bizinesi imaimira WhatsApp ikatsekedwa, katundu umatumiza chithunzi, mtengo mumagwirizana pa foni, dalaivala umamutsata pa foni, zonsezo zinangoti zii.

Wina anena kuti izi ndi za ku Mozambique zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza chifukwa kumapeto kwa 2021 zigawenga zomwezi zinafika ku Mecula m'chigawo cha Niassa, chigawo chomwe chagundana ndi Mangochi ndi Machinga. Tsiku lina, Mulungu atiteteze, titha kudzamva kuti kwachitika kanthu mbali yathu ino, ndipo tsiku limenelo anthu ali ndi mantha ndi pomwe wina adzaimirire mu Nyumba ya Malamulo nkunena kuti tipatseni mphamvu zotseka ma netiweki ndi kumanga ofalitsa mphekesera, ndipo tonse tidzaomba m'manja. Nchifukwa chake ndikulemba lero kusanachitike kanthu, mitu ili yozizira.

Malamulo athu ali kale ndi mipata yomwe ikundidetsa nkhawa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalola kuchepetsa kulumikizana kwa pa intaneti pa zifukwa monga bata ndi chitetezo cha dziko, mawu otambalala omwe aliyense wokhala pa mpando atha kuwakokera komwe akufuna. Ndipo taona kale lamulo lomweli likugwiritsidwa ntchito kumanga anthu chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, atolankhani nawo osasiyidwa. Gregory Gondwe anatengedwa ndi apolisi mu Epulo 2022 chifukwa cha nkhani yomwe analemba, foni ndi kompyuta kulandidwa, ndipo kumayambiriro kwa 2024 anabisala atalemba nkhani yokhudza ndalama za ku nthambi ya asilikali. Apa nkuti kulibe nkhondo kulibe chigawenga. Nanga kukadzakhala chifukwa chenicheni choopsezera anthu zidzatha bwanji?

Akuluakulu amene anakula nthawi ya Kamuzu akudziwa zomwe ndikunena. Bambo anga ankatsitsa mawu a wailesi akamamvera nkhani za kunja, kutseka zenera kaye, ndipo anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu pansi pa malamulo omwe dzina lake linali la chitetezo cha dziko. Kalata ya ma bishopu ya pa 8 Malichi 1992 boma linaitcha yogalukira, kungopezeka nayo unali mlandu. Ufulu wolankhula womwe uli mu gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino, wa atolankhani mu gawo 36 ndi wopeza nkhani mu gawo 37, anthu anauvutikira, ndipo gawo 44 limanena kuti ufulu ukamachepetsedwa pakhale lamulo, pakhale chifukwa chomveka ndipo chikhale chofunikadi m'dziko la demokalase. Ku Kenya, dziko lomwe lalira maliro a uchigawenga kuposa ife kutalitali, chiwembu cha pa malo ogulitsira malonda a Westgate mu 2013 ndi cha pa yunivesite ya Garissa mu 2015, boma linakhazikitsa lamulo la chitetezo mu Disembala 2014 lomwe linkaletsa kufalitsa zithunzi ndi nkhani zina za uchigawenga popanda chilolezo cha apolisi, koma khoti lalikulu mu Febuluwale 2015 linathetsa ndime zimenezo kuti zikuphwanya ufulu wolankhula. Ngati a Kenya anatha kukana ali pakati pa moto, ife tilibe chowiringula.

Pempho langa kwa aphungu athu, a MACRA ndi a unduna wa zofalitsa nkhani ndi loti zilembedwe momveka bwino m'malamulo kuti palibe nduna kapena bwana wa bungwe amene angalamule makampani a mafoni kuzimitsa netiweki kapena kutseka Facebook ndi WhatsApp payekha pongoimba foni. Ngati pali tsamba kapena akaunti ya zigawenga apite nayo kwa jaji, atchule chomwe akutseka, chifukwa chake ndi masiku ake, ndipo anthufe tiuzidwe. Liwu loti uchigawenga alimasulire mopanikiza kuti lisadzagwere wochita zionetsero kapena mtolankhani. Ndipo kukachitika choopsa boma lizilankhula msanga ndi kunena zoona ngakhale zili zowawa, chifukwa mphekesera imakula pomwe akuluakulu ali chete, tinaziona nthawi ya anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe mmene anthu osalakwa anafera. Ndalama zogulira makina osuzumira zomwe anthu akulemba pa intaneti bola zipite kwa apolisi a m'malire omwe ena alibe ndi njinga yamoto yomwe, komanso ku ntchito za achinyamata a ku Mangochi, Machinga ndi madera ena a m'malire omwe akungokhala, chifukwa ku Cabo Delgado anyamata ambiri anakopeka poona gasi ndi miyala ya rubi ya ku Montepuez zikutuluka m'dera lawo iwo ali manja lende.

Inunso a nyuzipepala musamadikire kuti amangidwe ndi mtolankhani wanu ndi pomwe mulembe. Nkhani ya Ibraimo Mbaruco ndi ya mnzanu wa ntchito, ili pakhomo pompa, koma ndi kangati mwaikumbutsa anthu?

Mng'ono wanga anabwerera kumudzi, pano ali ndi kashedi kake kowotcherera mageti ndi mawindo pa msika wina kuno. Za ku Palma sakonda kukamba, akamva thayala laphulika amasiya chitsulo nkukhala pansi kaye. Anzake awiri omwe ankagona nawo chipinda chimodzi, wina wa ku Nampula wina wa ku Zimbabwe, mpaka lero sakudziwa komwe ali, ndipo nthawi zina usiku ndimamupeza akulemba maina awo pa Facebook kufufuza ngati pali amene anaikapo kanthu.

Ndine wowerenga wanu,
ku Mwanza